Diso la Mfuti

Pa zida zonse zimene munthu amagwiritsa ntchito, mfuti ndiyo yosadziwa kubweza mawu. Khasu likakhotetsa mzere umabwereza, nkhwangwa ikaphonya umakwezanso mkono, ngakhale cholembera chikalemba zosayenera pali chofufutira. Koma chipolopolo chikangotuluka mumpope, palibe mfumu kapena m'busa amene angachiitane kuti chibwerere. N'chifukwa chake alenje enieni amathera nthawi yambiri pa ntchito imene anthu saiona kawirikawiri, yolinganiza mfuti kuti pamene diso laloza ndi pamene chipolopolo chikagwere pakhale pamodzimodzi. Asilikali ndi agemu amaitchula ntchitoyi ndi liwu la Chingerezi lakuti zero, koma malemu malume anga ankangoti ndi kugwirizanitsa diso la mfuti ndi mlomo wake. M'chimangirizo chino ndikufuna ndikambeko za ntchito imeneyi monga ndinaionera kwathu ku Madziabango, m'boma la Blantyre, kumene kusiyana kwa milimita imodzi yokha kunatsala pang'ono kupasula mudzi.

Ine si mlenje ayi. Ndimagwira ntchito m'boma, ndipo kwa zaka zoposa 20 ntchito yanga yakhala yoyeza malo: kukoka tepi, kukhoma zikhomo za m'malire ndi kusuzumira m'makina oyezera aja okhala pamiyendo itatu. M'makina amenewa muli kamtanda kopyapyala kofanana ndendende ndi kamene kali m'galasi loonera patali la pamfuti, lija ena amati telesikopu. Mbiri imati kamtandaka kanayamba ndi William Gascoigne, katswiri wa nyenyezi wa ku England, cha m'ma 1640, pamene kangaude anadutsitsa ulusi wake mkati mwa telesikopu ya mkuluyu, iye n'kuona kuti ulusiwo ukuoneka bwino lomwe pamodzi ndi chinthu chakutali chimene ankayang'ana. Choncho woyeza malo ndi mlenje ali pachibale. Tonse timakhulupirira ulusi wa kangaude, ndipo tonse timadziwa kuti ulusiwo umanena zoona pokhapokha ngati chida chimene ulimo chakhazikika bwino.

Agogo athu analibe nkhawa imeneyi. Mfuti yawo inali gogodela, ija yothira onga cha kukamwa, n'kutsendera ndi kamtengo, kenako n'kuikamo zidutswa za chitsulo. Mfuti yotere inkafuna mtima kuposa masamu, pakuti mlenje ankayenera kukwawa mpaka nyama ili pafupi ngati khola ndi nyumba. Ikaphonya, chifukwa chake chinkafunidwa kumudzi: kapena mkazi wa mlenje sanadzisunge mwamuna ali kutchire, kapena wina walumpha mfuti, kapenanso mankhwala a ulenje asuluka. Zinthu zinasintha ndi mfuti za makono. Asilikali athu a King's African Rifles amene anakamenya nkhondo ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma pakati pa 1940 ndi 1945 anabwerako akuidziwa bwino mfuti ya Lee-Enfield ya .303, yokhoza kugwetsa nyama imene ili tsidya lina la dambo. Mtunda utatalika chotero, masamu analowa muulenje, ngakhale kuti maganizo akale aja okhudza kuphonya sanachoke m'midzi mwathu.

Masamu akewo si ovuta. Galasi limakhala pamwamba pa mpope, motalikirana nawo masentimita 4 kapena 5. Diso limaona mowongoka ngati chingwe cha mmisiri womanga nyumba, pamene chipolopolo chimayamba kugwa chikangotuluka, monga uchitira mwala uliwonse woponyedwa. Chipolopolo cha .308 chimathamanga mamita pafupifupi 800 pa sekondi imodzi, komabe pofika mamita 100 chimakhala chitatsika masentimita 8 kuchoka pamzere umene mpope unaloza. Kuti diso ndi chipolopolo zikumane pamenepo, mpope uyenera kudzutsa mutu pang'ono poyerekeza ndi galasi, mokwanira kubweza masentimita 12 kapena 13 amenewa. Mfuti yolinganizidwa pa mamita 100 ikaombera pa mamita 200 chipolopolo chimagwera masentimita 10 kapena kuposerapo pansi pa kamtanda, ndipo pa mamita 300 chimatsika pafupifupi masentimita 40. Mlenje amene sadziwa zimenezi amangoombera mwayi.

Pofuna kulinganiza, pagalasi pamakhala timabatani tiwiri topotoza. Kapamwamba kamakweza kapena kutsitsa malo ogwera chipolopolo, kam'mbali kamasunthira kumanja kapena kumanzere. Kabatani kamayenda ndi mano, ndipo dzino lililonse limamveka kuti tche. Pamagalasi ambiri dzino limodzi limasuntha chipolopolo mamilimita oposa 7 pang'ono pa mtunda wa mamita 100, pamene magalasi ena, makamaka a ku Ulaya, amasuntha sentimita yathunthu. Chandamale chikakhala pa mamita 25 pamafunika mano anayi kuti agwire ntchito imene dzino limodzi limagwira pa mamita 100. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti mano amenewa ali ndi polekezera. Ukapotoza n'kupotoza, kabatani kamafika pouma, ndipo kuyambira pamenepo galasi lilibenso chokuthandiza.

Apa ndi pamene pamabwera nkhani ya zomangira, zimene ogula ambiri amaziyesa zazing'ono. Galasi limagwidwa ndi mphete ziwiri, ndipo mphetezo zimakhala pa timipando tiwiri tomangidwa ndi timabawuti pamsana pa mfuti. Thupi la galasi limakhala la mamilimita 25.4, imene ili inchi imodzi, kapena la mamilimita 30, choncho mphete ziyenera kukhala za muyeso womwewo. Mphetenso zilipo zazifupi, zapakatikati ndi zazitali. Timipando nato tili ndi mitundu: mwachitsanzo mipata ya mtundu wa Picatinny, umene asilikali a ku America anaukhazikitsa mu 1995, ndi yotakasuka kuposa ya mtundu wakale wa Weaver, moti mphete zopangidwira woyambawo nthawi zambiri zimakana kulowa pa wachiwiriwo. Pamfuti zambiri za mtundu wa Mauser msana ndi wokwera kutsogolo ndi wotsika kumbuyo, kotero kampando ka kumbuyo kamapangidwa kochindikala kuti tonse tiwiri tifanane msinkhu. Timipando timeneti timagulitsidwa tiwiritiwiri ngati nsapato. Ukatenga kamodzi uku kena uko, galasi limapendekeka ngakhale kuti maso sangaone.

Nanga kupendekeka kosaoneka ndi maso kungavute chiyani? Mphete ziwirizo zimatalikirana pafupifupi masentimita 10, pamene chandamale chili pa mamita 100, kutanthauza mtunda wochuluka ka 1,000. Choncho cholakwika chilichonse cha pamphete chimakula ka 1,000 pokafika pachandamale. Kampando ka kumbuyo kakachepa ndi milimita imodzi, galasi limayang'ana m'mwamba, mpope n'kuloza pansi, ndipo chipolopolo chimagwera mita yathunthu pansi pa kamtanda. Kakakula ndi milimita imodzi, chipolopolo chimadutsa mita yathunthu pamwamba. Angerezi ankazidziwa bwino zimenezi pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Kuyambira mu 1942 kampani ya Holland & Holland ya ku London inkamanga magalasi pamfuti zosankhidwa za Lee-Enfield, mfuti iliyonse ndi galasi lake ndi chomangira chake, ndipo nambala ya galasi inkadindidwa pamtengo wa mfutiyo kuti zisasinthanitsidwe.

Zonsezi ndinaziona zikuchitika m'chaka cha 2016. Owerenga akukumbuka kuti mvula ya chaka chimenecho inadula msanga, ndipo mu Epulo boma linalengeza kuti dziko lili pangozi ya njala. Anthu oposa 6 miliyoni anafunika thandizo la chakudya. Kwathu ku Madziabango, m'mbali mwa msewu wotsikira ku Chikwawa, chimanga cha kumunda chinapserera chisanabereke, moti chiyembekezo chonse chinatsalira m'madimba ndi m'minda ya chinangwa. Dzina la dera lathu likunena lokha kuti madzi a bango, ndipo m'bango la m'mphepete mwa mitsinje ndi mmene nguluwe zimakonda kubisala usana. Chilala chitaumitsa tchire, nguluwezo zinayamba kutuluka usiku ndi usiku. Amene sanaonepo munda wa chinangwa utafukulidwa ndi nguluwe sangamvetse. Umadzuka m'mawa n'kupeza ngati palowa thirakitala.

M'mudzi mwathu munali munthu mmodzi yekha wokhala ndi mfuti movomerezeka, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito amene tonse timangowatchula kuti Ahedi. Mfuti yawo inali ya mtundu wa Mauser, ya .308, ndipo chiphaso chake ankachikonzetsa kupolisi chaka ndi chaka monga lifunira lamulo la mfuti la 1967. Vuto linali maso. Munthu akakula, diso limalephera kuona nthawi imodzi kachitsulo kolozera ka kumbuyo, ka kutsogolo ndi nyama yomwe. Galasi limathetsa vutoli chifukwa limaika kamtanda ndi nyama pamodzi, komanso limathandiza kunja kukamachita chisisira. Mwana wawo wa ku Johannesburg anawatumizira galasi latsopano pabasi, pamodzi ndi mphete ndi timipando timene anatola m'sitolo ya zinthu zogwiritsidwa kale ntchito. Ahedi anamanga okha, nayesa kuombera katoni, fumbi n'kubuka patali pansi pake. Anapotoza kabatani ka pamwamba mpaka kanauma, koma chipolopolo chinkagwerabe pansi. Anaganiza zoti azingoloza pamwamba pang'ono, pakuti anthu anali kuwadandaulira tsiku ndi tsiku.

Usiku wina kuli mwezi anaombera nguluwe yaikulu m'dimba. Inalira, n'kuthawira m'bango ikukoka mwendo wakutsogolo. M'mawa mwake anyamata anatsata magazi ndi agalu, ndipo nguluweyo inatulukira mwadzidzidzi n'kung'amba ntchafu ya mnyamata wina amene anali atangokwatira kumene. Anamunyamula pamachira mpaka kumsewu, ndipo anakhala m'chipatala milungu itatu. Nguluwe yolasidwa ndi yoopsa kuposa yamoyo bwinobwino, n'chifukwa chake lamulo losamalira nyama zakutchire la 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limafuna kuti wovulaza nyama yoopsa akanene msanga kwa agemu. Ahedi anakanena, ndipo agemu anabwera kudzaimaliza nguluweyo. Koma m'mudzi munali mutayamba kale nkhani ina.

Anthu anayamba kufunsana kuti zingatheke bwanji mfuti ya galasi, yoona ngakhale nsabwe ya pakhutu la nyama, kuphonya kangapo konse. Yankho linapezeka msanga monga mwa masiku a gogodela: nguluwezo si zakutchire, n'zoweta, ndipo mwini wake amakhotetsa zipolopolo. Zala zinaloza gogo wina wamasiye wa tsidya la mtsinje, chifukwa chakuti kadimba kake kanali kasanafukulidwe. Palibe amene anafuna kukumbukira kuti kadimbako kanali kozunguliridwa ndi mpanda wa minga umene malemu amuna awo anabzala. Ana anasiya kukatunga moto kunyumba kwawo. Mtima wanga unali m'mwamba, pakuti mu Januwale chaka chomwecho anthu ku Neno anali atapha nkhalamba zinayi poziganizira ufiti. Lamulo la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti, koma lamulo limakhala ku boma pamene gulu lokwiya limakhala pakhomo.

Ndi pamene amfumu anatumiza uthenga kwa malume. Iwowa anagwira ntchito ya ugemu kuchigwa cha Shire kwa zaka zambiri, ndipo atapuma ankaitanidwa ku Chileka, ku Lirangwe ndi madera ena kukaona mfuti zovuta. Anali ndi lamulo lawo lakuti asanakhudze mfuti, mwini wake ayambe waonetsa chiphaso. Linali Loweruka, ine ndili kumudzi, ndipo anandiuza kuti nditenge tepi yanga ndi rula yachitsulo, ndikabwerekenso kwa makaniko wa pamsewu kachida kopimira makulidwe a zitsulo. Anapempha kuti mfutiyo ionedwe pabwalo, anthu onse akuona.

Atatsimikiza kuti mulibe chipolopolo, anapotoza kabatani ka pamwamba kubwerera m'mbuyo uku akuwerenga mano mokweza mpaka kanaumanso mbali inayo. Anapeza mano 240.

"Mphwanga, tawerengera. Kuchoka pakati kukafika pamapeto ndi mano angati, ndipo ndi masentimita angati pa mamita 100?"

"Mano 120, malume. Ndi masentimita pafupifupi 87."

"Mwamva Ahedi? Mphamvu zonse za galasi lanuli ndi zimenezo. Tsono tione chimene mwakhala mukulipempha."

Anamasula zivundikiro za mphete, nachotsa galasi, nagoneka rula m'mphete ziwirizo. Kutsogolo rula inakhudza m'mphepete mokha, ndipo atainyamula moyang'anitsa kudzuwa kuwala kunadutsa pansi pake. Anaitana amfumu kuti asuzumire, kenako bambo wa mnyamata wovulala uja, kenako aliyense wofuna. Atamasula timipando, tinaona kuti pansi pake panadindidwa zizindikiro za makampani awiri osiyana. Titapima, ka kumbuyo kanali kochepa ndi milimita imodzi pa msinkhu umene kanayenera kukhala nawo. Masamu anatuluka okha: mita imodzi ya kupendekeka, kuphatikiza masentimita 12 a kugwa kwa chipolopolo ndi kutalika kwa galasi, kuchotsapo masentimita 87 amene kabatani kanatha kubweza. Panatsala masentimita 25. Kuchoka pamtima pa nguluwe kutsika masentimita 25 ndi pamwendo.

"Mfiti yanu ndi iyi," anatero malume akukweza kampandoko m'mwamba. "Yabwera pabasi kuchokera ku Joni. Gogo wa tsidya uja sanafikeko n'komwe ku Joni."

Ena anaseka, ena anaweramitsa nkhope. Sindinganene kuti onse anakhutira tsiku lomwelo, pakuti chikhulupiriro sichizuka ngati bonongwe. Koma amfumu anapeza poimira. Analamula kuti aliyense wotchulanso dzina la gogoyo pa nkhani ya nguluwe adzalipira mbuzi, ndipo madzulo ake akazi awo anapita okha tsidya lija atasenza kalichero ka ufa.

Ahedi anafunsa ngati sikungatheke kungodula chitini cha zakumwa n'kupatsira pansi pa kampandoko. Nzeru imeneyi ilipodi, ndipo alenje ambiri amaigwiritsa ntchito. Kachidutswa kamodzi ka chitini n'kochindikala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, ndipo kakaikidwa pansi pa kampando ka kumbuyo kamakweza chipolopolo masentimita 10 pa mamita 100. Malume anati kamodzi kapena tiwiri angalole, koma pano pankafunika khumi. Mulu wotere umaphwanyika pang'onopang'ono mfuti ikamakankha, timabawuti timagwira ndi nsonga zokha, ndipo tsiku lina mfuti imasintha mawu mwini wake osadziwa. Anakananso zosiya kabatani kali kopotozedwa mpaka pamapeto, chifukwa kasipuling'i ka mkati kamene kamagwira kamtanda sikagwira bwino pamenepo, ndipo mpata wosunthira kumanja ndi kumanzere umachepa. Galasi limagwira bwino ntchito mano ake akakhala chapakati. Mankhwala ake anali amodzi: kuitanitsa timipando tiwiri ta kampani imodzi, topangidwira mfuti ya mtundu umenewo, ndi mphete zake zomwe.

Katunduyo anatenga milungu isanu kuti afike. Inali milungu yowawa. Mfuti inali yokhomeredwa m'bokosi pamene nguluwe zinali kudya. Tinabwerera ku nzeru zakale: kumanga zilindo m'madimba, kusonkha moto, kumangirira agalu m'malire ndi kuimba zitini usiku wonse. Ine ndinkabwera Lachisanu lililonse kudzalandira mlamu wanga pa ulonda. Ngakhale zinali choncho, mayi anga anataya pafupifupi theka la chinangwa chawo, ndipo panali anthu amene ankanena poyera kuti malume akukonda kachitsulo kuposa mimba za ana. Iwo sankayankha zambiri. Ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndi kuti ntchafu imodzi yong'ambika yakwana.

Timipando titafika, malume anayamba ndi kupukuta mafuta onse pamsana pa mfuti ndi m'timabowo. Anamanga timipando, naika mphete, nagonekanso rula. Ulendo uno inagona yonse, kuwala osadutsa. Anabweza mano a galasi pakati, 120 uku 120 uko. Kenako anauza Ahedi kuti aike mfuti paphewa atatsinzina, n'kutsegula maso, ndipo anasuntha galasi mpaka chithunzi chinadzaza bwino diso lili patali ndi galasilo ngati zala zinayi. Likayandikira kwambiri, mfuti ikakankha galasi limatema pachikope. Pamtengo wa mango anapachika chingwe chomangirira mwala, natembenuza galasi mpaka mzere woimirira wa kamtanda unagona pachingwecho. Pomaliza anamanga timabawuti mosinthanasinthana, pang'ono uku pang'ono uko, osalimbitsa mopitirira chifukwa thupi la galasi limaphwanyika.

Malo oyesera anawasankha mosamala kuposa china chilichonse. Chipolopolo cha mfuti yotere chikapita m'mwamba chimatha kuuluka makilomita oposa atatu, ndipo kwathu kulibe makilomita atatu opanda nyumba, mjigo kapena mwana woweta mbuzi. Tinapeza chulu chachikulu chimene kumbuyo kwake kunali chitunda, amfumu analengeza tsiku, ndipo anyamata awiri anaima panjira ndi nsalu zofiira. Ndinakoka tepi, n'kukhoma zikhomo pa mamita 25 ndi pa mamita 100. Mfuti inagonekedwa pamatumba awiri a mchenga. Malume anasolola chokokera zipolopolo, nasuzumira mumpope kuchokera kumbuyo mpaka kadontho kakuda ka pakatoni kanakhala pakatikati pa bowo. Mfuti ili chikhalire, anapotoza timabatani mpaka kamtanda kanafika pakadontho komweko. Ntchito yonseyi inachitika popanda kuwononga chipolopolo n'chimodzi chomwe, ndipo m'dziko muno, mmene zipolopolo zili zodula ndi zowerengedwa pachiphaso, imeneyo si nkhani yaing'ono.

Woombera anali Ahedi eni ake, chifukwa aliyense ali ndi kagwiridwe kake ka mfuti. Pa mamita 25 zipolopolo zitatu zinagwera pamodzi, pang'ono pansi pa kadontho, monga ziyenera kukhalira pa mtunda waufupi chotero. Tinasamutsira katoni pa mamita 100. Malume sankalola kukhudza kabatani chifukwa cha chipolopolo chimodzi. Ankati chimodzi ndi mphekesera, zitatu ndiye umboni. Ankadikiranso kuti mpope uzizire asanalole kuomberanso. Zitatu zotsatira zinapanga kagulu kokwana m'chikhatho cha mwana, ndipo nditayeza kuchokera pakati pa kaguluko ndinapeza masentimita 6 pansi ndi masentimita 3 kumanja. Tinakweza mano asanu ndi atatu, n'kusunthira kumanzere mano anayi. Zitatu zomaliza zinazungulira kadontho. Zonse pamodzi zinali zipolopolo zisanu ndi zinayi, ndipo kabatani ka pamwamba kanatsala ndi mano ochuluka mbali zonse ziwiri.

Patatha masiku anayi, agemu atadziwitsidwa, Ahedi anagwetsa nguluwe yamphongo pa mtunda wa mamita 60 ndi chipolopolo chimodzi, kumbuyo kwake kuli gombe la mtsinje. Inagwera pomwepo. M'mwezi wotsatira anaphanso ina, ndipo zotsalazo zinasamukira kumunsi. Chimene ndimachikumbukira kwambiri n'chakuti anabwerako kangapo usiku osaombera, ngakhale nyama anaiona. Ankati kumbuyo kwake kunali njira ya kumjigo, kapena kunkaoneka moto wa pachilindo cha wina. Kale akanaombera poyembekezera mwayi. Tsopano ankadziwa kumene chipolopolo chawo chipite, choncho ankadziwanso kumene sichiyenera kupita. Gogo uja anakhala zaka zina zisanu, ndipo maliro ake anadzaza anthu.

Dziko lathu lapanikizana. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni, wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, ndipo m'midzi ya boma la Blantyre yokha, osawerengera mzinda, munali anthu oposa 450,000. Nyama zikuluzikulu zatsalira m'malo otetezedwa monga Majete, kumene bungwe la African Parks lakhala likubwezeretsa nyama kuyambira 2003, ndipo ulenje wa masiku a agogo unapita. Mfuti zochepa zimene zili m'manja mwa anthu wamba movomerezeka zatsalira ntchito yoteteza minda ndi ziweto, pakati pa midzi yothithikana. M'malo otere mfuti yosalinganizidwa imaopsa mnansi kuposa nguluwe. Ndipo popeza abale athu ali ku Joni ndi kwina akupitiriza kutumiza magalasi okongola m'mabokosi, nkhani ya Ahedi ingathe kuchitikanso pena paliponse. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: munthu amasirira galasi la ndalama zambiri, osafunsa za timipando timene likhalepo.

Kwa amene ali ndi mfuti ya galasi, malangizo a malume anali ochepa. Mphete ndi timipando zikhale za banja limodzi ndiponso zopangidwira mfuti yanuyo. Mukaona kuti kabatani kakuyandikira pamapeto chipolopolo chisanafike pachandamale, lekani kupotoza, masulani galasi muone pansi pake. Mfuti ikagwa, ikayenda panjinga kapena paminibasi, ikakhalitsa m'bokosi, kapena mukasintha mtundu wa zipolopolo, bwererani kuchulu musanapite kudimba. Tsiku limene tinamaliza ntchito ija anang'amba kapepala m'kope langa, nalembapo deti, mtunda wa mamita 100, mtundu ndi kulemera kwa chipolopolo, ndi chiwerengero cha mano kuchokera pakati. Anakamata ndi selotepi pathako la mfuti, nauza Ahedi kuti chaka chilichonse, pokakonzetsa chiphaso kupolisi, azikumbukiranso kukonzetsa kapepalako. Malume anatisiya mu 2020. Ahedi akalipo, ngakhale manja ayamba kunjenjemera ndipo akunena zokapereka mfutiyo kupolisi. Nditawachezera pa Khirisimasi yapitayi anandionetsa thako la mfuti lija, ndipo ndinawerengapo timapepala tisanu ndi tiwiri tomatidwa kena pamwamba pa kanzake.